Roșia Montană: mafunso ndi mayankho okhudza mudzi wa ku Romania womangidwa pamwamba pa golide

M'mapiri a kumadzulo kwa dziko la Romania muli dera laling'ono lomwe anthu ake sakwana n'komwe 2,500, koma dzina lake linamveka mpaka ku khoti la ku Washington ndi ku msonkhano wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe. Pansi pa nyumba za anthuwo, matchalitchi awo ndi manda a makolo awo pali golide amene ambiri amati ndi wochuluka kuposa wina aliyense wodziwika ku Ulaya. Golide ameneyu wakhala akusonkhanitsa anthu kumeneko kwa zaka zoposa 1,900, ndipo ndi yemweyonso wawabalalitsa. Nawa mafunso amene munthu amakhala nawo akangomva za malowa.

Kodi Roșia Montană ili pati, nanga akamati komuna amatanthauza chiyani?

Dziko la Romania linagawidwa m'maboma 41, osawerengera likulu lake, Bucharest, lomwe limadziyendetsa palokha. Boma lililonse, lomwe eni ake amati județ, lili ndi mizinda, matauni ndi madera akumudzi otchedwa comună. Komuna ndi midzi ingapo yoikidwa pansi pa ofesi imodzi, yokhala ndi meya ndi makhansala osankhidwa pa voti zaka zinayi zilizonse. Mafumu kapena nyakwawa kulibe. Mudzi pawokha ulibe mphamvu iliyonse, ndipo nkhani za malo, misewu, madzi ndi misonkho zimathera ku ofesi ya meya. Makomuna otere m'dzikomo alipo oposa 2,800.

Roșia Montană ili m'boma la Alba, m'chigawo cha Transylvania, pakati pa mapiri a Apuseni. Ili ndi midzi 16. Waukulu ndi womwe uli ndi dzina la komunayo, ndipo ina mwa inayo ndi Corna, Cărpiniș, Gura Roșiei, Țarina, Dăroaia ndi Vârtop. Ina mwa midziyi ndi nyumba zowerengeka chabe zomwazikana m'mphepete mwa phiri. Matauni apafupi ndi Abrud ndi Câmpeni, pomwe mzinda wa Alba Iulia, likulu la bomalo, uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 pamsewu wokhotakhota.

Dzina limeneli likutanthauza chiyani?

M'Chiromaniya roșu ndi chinthu chofiira, ndipo montană ndi za kumapiri. Anthu a ku Hungary amawatchula malowa Verespatak, kutanthauza kamtsinje kofiira. Mayina onsewa akunena za mtsinje wa Roșia umene umadutsa m'chigwamo. Madzi ake ndi ofiirira ngati dzimbiri chifukwa amatuluka m'migodi yakale atasungunula chitsulo ndi asidi wa m'miyala. Miyala ya m'mphepete mwake inachita kupakika utoto wachikasu ndi wofiira, ndipo si madzi oti munthu n'kumwa kapena kumwetsa ng'ombe.

Aroma ankawatchula Alburnus Maior.

Malowo amaoneka bwanji?

Mudzi waukulu uli kumtunda kwa chigwa chopapatiza, pamalo okwera mamita oposa 800 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Wazunguliridwa ndi mapiri omwe ndi amene ali ndi golideyo: Cârnic, Cetate, Orlea ndi Jig. Nyengo yozizira imatenga miyezi yambiri ndipo kumagwa chipale chofewa. Nthaka yake si ya tirigu kapena chimanga chambiri. Chimene chimachita bwino ndi msipu, choncho m'chilimwe anthu amamweta udzu, kuuyanika ndi kuuunjika m'milu italiitali kuzungulira mtengo wozika pansi, kuti ng'ombe ndi nkhosa zidzadye kunja kukazizira. Kuseri kwa nyumba amalima mbatatesi, kabichi, anyezi ndi mitengo ya zipatso.

Chinthu china chosaiwalika ndi tinyanja timene tili pamwamba pa mudziwo, totchedwa tăuri: Tăul Mare, Tăul Brazi, Tăul Anghel, Tăul Cornei ndi tina. Mlendo angaganize kuti n'tachilengedwe poona mitengo yotizungulira, koma ndi madamu okumbidwa ndi anthu, ambiri mwa iwo m'zaka za m'ma 1700, kuti asunge madzi oyendetsera zigayo zophwanya miyala.

Madzi onse ochoka m'chigwachi amathira mu mtsinje wa Abrud, kenako Arieș, Mureș, Tisza mpaka Danube. Njira ya madziyi muisunge m'mutu, chifukwa ndi imene inachititsa kuti nkhani ya mudzi umodzi ikhudze dziko loyandikana nalo la Hungary.

Kukumba golide kunayamba liti?

Anthu a ku Dacia, ufumu womwe unali m'derali Aroma asanafike, ankamudziwa kale golide wa m'mapiriwa. Koma migodi yeniyeni yozama inayamba mfumu ya Roma, Trajan, itagonjetsa Dacia m'chaka cha 106. Aroma anabweretsa akatswiri a migodi kuchokera ku Dalmatia, m'mbali mwa nyanja ya Adriatic, a mafuko monga Pirustae ndi Baridustae, komanso anthu olankhula Chigiriki ochokera kum'mawa. Ulamuliro wawo unatha cha m'ma 271, pamene mfumu Aurelian inachotsa asilikali ake ku Dacia. Malinga ndi UNESCO, pa zaka 166 zimenezo Aroma anatulutsamo golide wokwana matani pafupifupi 500.

Njira zapansi zimene anasema zikadalipo, ndipo zomwe zafufuzidwa zimakwana makilomita 7. Anazisema ndi nyundo ndi tchizulo basi. Makoma ake ndi osalala, njirayo ndi yotakata pansi n'kumapapatiza kumwamba, ndipo m'makomamo muli timapanga tating'ono moikamo nyale za mafuta. Vuto lalikulu la mgodi wozama ndi madzi. Ofukula zakale, motsogozedwa ndi Béatrice Cauuet wa ku France, anapeza zipinda zapansi momwe munali magudumu amatabwa otungira madzi, gudumu lina likupatsira linzake lapamwamba mpaka madziwo atatuluka kunja.

Timamva za matabwa a phula opezeka kumeneko. Ndi chiyani, ndipo analembapo zotani?

Apa ndiye pali mtima wa mbiri ya malowa, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Aroma akafuna kulemba pangano ankatenga timatabwa tating'ono, kutipaka phula la njuchi, n'kulembapo ndi kachitsulo kosongoka. Zinthu zotere siziyenera kukhala zaka zambiri. Koma pakati pa 1786 ndi 1855, anthu okumba golide ankati akaboola n'kutulukira m'njira zakale zotsekeka, ankapezamo timatabwa timeneti titasungika chifukwa cha chinyezi ndi kuzizira kwa pansi. Tina tinawonongeka m'manja mwa otipeza, koma 25 tinapulumuka, ndipo katswiri wa mbiri wa ku Germany, Theodor Mommsen, anasindikiza mawu ake. Lero ophunzira malamulo a Aroma m'mayunivesite ambiri amawerenga mapangano a ku Alburnus Maior. Thabwa lakale kwambiri lili ndi deti la 6 February 131, ndipo tsikuli ndi lomwe mudziwo umakumbukira ngati tsiku lake lobadwa.

Zolembedwapo si za mafumu kapena nkhondo. Ndi ngongole, kugula theka la nyumba, ndalama zogulira zakudya za phwando, kugula akapolo. Thabwa lina la m'chaka cha 139 likunena za kamtsikana ka zaka 6, dzina lake Passia, kogulitsidwa pa madinari 205. Dzina la mwanayo tikulidziwa chifukwa choti wogula ankafuna umboni wa katundu wake. Munthu ukawerenga zimenezi mtima umawawa, ngakhale papita zaka zonsezi.

Lina ndi pangano la ntchito la m'chaka cha 164. Munthu wina dzina lake Memmius anavomera kugwira ntchito mu mgodi wa golide kuyambira May mpaka November pa malipiro a madinari 70. Popeza sankadziwa kulemba, anapempha wina kuti amulembere, ndipo thabwalo likunena zimenezo mosabisa. Panganolo likuti akajomba adzalipa chindapusa pa tsiku lililonse, ndipo madzi akasefukira mu mgodi ntchito n'kuima, malipiro ake adzadulidwa molingana ndi masiku otayikawo. Tsoka la mgodi linkagwera wantchito.

Limene limandikhudza kwambiri ndi la pa 9 February 167. Anthu ogwira ntchito kumeneko, pokhala alendo kutali ndi kwawo, anali ndi bungwe lothandizana pa maliro, lotchedwa ndi dzina la mulungu wawo Jupiter Cernenus. Aliyense ankasonkha kangachepe kuti akadzamwalira adzaikidwe mwaulemu. Amene anakhalako ku Johannesburg kapena ku Harare akudziwa kufunika kwa gulu lotere. Tsono mkulu wa bungwelo, Artemidorus, analemba chidziwitso chakuti mwa mamembala 54 atsala 17 okha ku Alburnus, mnzake wapampando sanaonekenso, anthu sakubwera kumisonkhano ndipo sakusonkha, ndalama za maliro zatha. Anamaliza ndi kuchenjeza kuti aliyense asaganize kuti akafa ali ndi bungwe lomuika. Chaka chomwecho nkhondo ya Aroma ndi mafuko a kumpoto, a Marcomanni ndi anzawo, inali itayamba, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti ndiyo inachititsa anthu kubisa mapangano awo m'migodi n'kuthawa. Sanabwerenso kudzawatenga.

Aroma atachoka, malowa anasanduka bwinja?

Kwa zaka mazana angapo mbiri yake siimveka. Kenako, Transylvania ili pansi pa mafumu a Hungary, kunabwera okumba migodi olankhula Chijeremani ndipo ntchito inadzukanso. Inafika pachimake m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mu ulamuliro wa banja lachifumu la Habsburg la ku Vienna. Boma linali ndi mgodi wake, koma mabanja wamba nawonso anali ndi timigodi tawo, kapena gawo mu mgodi wa anthu angapo.

M'chigwa chonsecho munali zigayo zamadzi mazanamazana zotchedwa șteampuri. Taganizirani mtondo wautali wokhala ndi minsi ingapo ikuluikulu. Madzi ochokera ku damu ankazunguza gudumu, gudumulo n'kumakweza minsiyo ndi kuigwetsa motsatizana pa miyala mpaka isanduke ufa, usana ndi usiku. Ufawo ankautsuka m'chiwiya chathabwa chonga lichero, chotchedwa șaitroc, kuchipendeketsa ndi kuchigwedeza pang'onopang'ono kuti mchenga upite ndi madzi, golide yemwe ndi wolemera atsalire pansi. Amene mwayi unawagwera anamanga nyumba zamiyala zosanja zokhala ndi zipata zazikulu ndi mawindo achitsulo, zomwe zikuonekabe pabwalo la pakati pa mudzi. N'chifukwa chake Roșia Montană imaoneka ngati katauni kosochera m'mapiri. Okumba migodi ankakhulupiriranso kuti pansipo pali mizimu yotchedwa vâlve, imene imaonetsa golide kwa munthu woona mtima n'kumubisa kwa wadyera.

Chuma chimenechi sichinafike kwa onse. Alimi ambiri achiromaniya a m'mapiriwa, otchedwa moți, anali ngati akapolo a eni malo. Mu 1784 anaukira motsogozedwa ndi Horea, Cloșca ndi Crișan. Cloșca anali wa m'mudzi wa Cărpiniș, m'komuna yomweyi. Anagwidwa ndipo pa 28 February 1785 iye ndi Horea anaphedwa mwankhanza pagulu ku Alba Iulia, powathyola mafupa ndi gudumu. Chaka chomwecho mfumu Joseph II inathetsa lamulo lomangirira alimi kwa eni malo. Ku Cărpiniș kuli nyumba yomukumbukira Cloșca. Mtsogoleri wina wa kuukira kwa mu 1848, wansembe Simion Balint, anatumikira ndi kuikidwa m'manda ku Roșia Montană komweko. Transylvania inadzakhala gawo la Romania kutsatira msonkhano waukulu wa pa 1 December 1918 ku Alba Iulia.

Nanga nthawi ya chikomyunizimu zinali bwanji?

Mu 1948 boma linalanda migodi yonse. Zigayo za mabanja zinaimitsidwa n'kugwetsedwa, kusunga golide kunakhala mlandu, ndipo apolisi ankazunza anthu owaganizira kuti abisa kenakake. Amene dzulo anali eni mgodi anasanduka antchito a kampani ya boma. Ntchito inalipo, malipiro analipo, ndipo kumunsi kwa mudzi kunamangidwa nyumba zosanja za antchito.

Kuyambira cha m'ma 1970 boma linayamba kukumba phiri la Cetate kuchokera pamwamba ndi mabomba ndi zimakina. Pamwamba pa phirilo panali maenje ndi mapanga aakulu osemedwa ndi Aroma, omwe alendo akale ankabwera kudzaona. Zonsezo zinaphulitsidwa, ndipo lero pali chidzenje chachikulu chotuwa. Chikomyunizimu chitagwa mu 1989 mgodi wa boma unkangoluza, ndipo unatsekedwa mu 2006, patangotsala miyezi yochepa kuti Romania ilowe mu European Union pa 1 January 2007.

Panopa kuli anthu angati, ndipo ndi a mitundu iti?

Kalembera wa 2002 anapeza anthu 3,872 m'komuna yonse. Wa 2011 anapeza 2,656. Wa 2021 anapeza osakwana 2,500. Ndiye kuti pa zaka 9 zokha zoyambazo munthu mmodzi mwa atatu alionse, kapena kuyandikira pamenepo, anali atachoka kapena kumwalira popanda womulowa m'malo.

Midzi yambiri ya ku Romania ikuchepa anthu, popeza achinyamata amapita ku Italy, Spain, Germany ndi Britain kukafuna ntchito ndipo ana akubadwa ochepa. Koma kuno panawonjezeka zinthu ziwiri: kutsekedwa kwa mgodi wa boma, ndi kampani imene inkagula nyumba za anthu kuti asamuke.

Ambiri mwa otsalawo ndi Aromaniya a mpingo wa Orthodox. Kuli anthu a mtundu wa Roma, omwe ambiri amakhala m'mudzi wa Dăroaia ndipo ndi amene umphawi unawapanikiza kwambiri. Musawasokoneze ndi Aroma akale aja, ndi mtundu wina umene makolo ake anachokera ku India. A Chihangare atsala owerengeka. Koma mbiri ya mitundu yomwe golide anaisonkhanitsa imaoneka pa matchalitchi. M'mudzi umodzi womwewu muli tchalitchi cha Orthodox, cha Greek Catholic, cha Katolika wa Chiroma, cha Reformed ndi cha Unitarian, mipingo isanu, uliwonse ndi manda ake. Matchalitchi ena mwa amenewa atsala ndi akhristu oti n'kuwawerenga ndi zala.

Kodi kampani ya ku Canada inkafuna kuchita chiyani kwenikweni?

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Gabriel Resources, yoyambitsidwa ndi Frank Timiș, inagwirizana ndi kampani ya boma ya Minvest n'kupanga yomwe inadzatchedwa Roșia Montană Gold Corporation. Gabriel inali ndi masheya pafupifupi 80 pa 100 alionse, boma pafupifupi 19. Cholinga chinali kutulutsa golide wokwana matani pafupifupi 300 ndi siliva wokwana matani pafupifupi 1,500 pa zaka 16.

Golide wa misempha yonenepa anatha kalekale. Wotsalayo ndi fumbi lomwazikana m'mwala, osakwana magalamu awiri pa tani imodzi. Kuti mumupeze muyenera kugumula phiri lonse, kuligaya, ndi kusungunula golideyo ndi mankhwala apoizoni otchedwa cyanide. Choncho mapiri anayi aja, Cetate, Cârnic, Orlea ndi Jig, akanasanduka maenje anayi, ndipo njira zambiri za Aroma zikanapita nawo limodzi. Matope otsala akanathiridwa m'chigwa cha Corna, kuseri kwa khoma la damu lotalika mamita pafupifupi 185. Anthu pafupifupi 2,000 anayenera kusamuka, ndi manda omwe. Kampaniyo inalonjeza ntchito zoposa 2,000 pa nthawi yomanga ndi pafupifupi 900 mgodi ukayamba, inalonjeza kuyeretsa madzi ofiira aja ndi kukonza nyumba zakale za pakati pa mudzi. Tinenenso chilungamo: kafukufuku wamkulu wa zinthu zakale amene anachitika kumeneko kuyambira 2001 analipiridwa ndi kampani yomweyi, monga lamulo linkafunira.

Chifukwa chiyani anthu ankaopa chonchi cyanide, pomwe migodi yambiri padziko imamugwiritsa ntchito?

Chifukwa anali ataona ndi maso awo. Pa 30 January 2000 damu la mgodi wa golide ku Baia Mare, kumpoto kwa Romania, linaphulika ndipo madzi a cyanide okwana makyubiki mita pafupifupi 100,000 analowa mu mtsinje wa Someș, kenako Tisza ndi Danube. Nsomba zinafa matani ambirimbiri ku Hungary ndi ku Serbia. Chikhalireni chilonda chimenecho, boma la Hungary linkatsutsa za Roșia Montană.

Chitsanzo china chinali pakhomo penipeni. Kuseri kwa phiri kuli mgodi wa mkuwa wa Roșia Poieni. Mu 1978 boma la chikomyunizimu la Nicolae Ceaușescu linasamutsa anthu a m'mudzi wa Geamăna kuti chigwa chawo chikhale kotayira matope a mgodiwo. Matopewo akhala akukwera chaka ndi chaka, ndipo lero chimene chimaoneka pa tchalitchi cha mudziwo ndi nsonga ya nsanja yokha, itatulukira pakati pa thope lotuwa ndi lofiira. Munthu wa ku Corna sankafunika womufotokozera za tsogolo la chigwa chake.

Ndiye kuti anthu onse a m'mudzimo ankaukana mgodiwo?

Ayi, ndipo amene amaifotokoza nkhaniyi ngati ya mudzi wonse wolimbana ndi kampani amalakwitsa. Mudzi unagawanika pakati, mpaka m'mabanja. Pachibale ankasiya kulankhulana, wina atagulitsa nyumba wina atakana.

Okana anapanga bungwe mu 2000 n'kulitcha dzina lakale lija, Alburnus Maior. Mtsogoleri wake wodziwika ndi Eugen David, mlimi yemwe kale ankagwira mu mgodi. Mfundo yawo inali yapafupi: malo ndi anga, sindigulitsa. Anathandizidwa ndi Stephanie Roth, amene analandira mphoto ya Goldman ya zachilengedwe mu 2005, ndi maloya omwe anagwetsa ziphaso za kampaniyo m'makhoti kangapo. Kuyambira 2004 ankachititsa chikondwerero cha FânFest, kutanthauza chikondwerero cha udzu womweta, chomwe chinkakoka achinyamata ochokera m'mizinda. Bungwe la akatswiri a maphunziro la Romanian Academy nalonso linatsutsa mgodiwo.

Koma ofuna mgodi anali ambiri, ndipo sanali anthu opusa kapena ogulidwa. Agogo awo anali a mu mgodi, atate awo chimodzimodzi, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Kwa iwo fodya anali yemwe ali pamphuno: kampani inkalemba anthu ntchito, inkalipira pa nthawi yake, ndipo inamangira osamuka nyumba zatsopano ku Recea, m'mphepete mwa Alba Iulia. Pa riferendamu ya pa 9 December 2012 m'madera 35 a boma la Alba, oposa 62 pa 100 alionse amene anavota anavomera mgodi, ngakhale zotsatira sizinagwire ntchito chifukwa ovota sanafike theka la olembetsa. Mu September 2013 anthu 33 ogwira ntchito za mgodi anadzitsekera pansi kwa masiku angapo pofuna kuti ntchito iyambe.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimachiona kuti chinali cholakwika kwambiri. Mu 2002 khonsolo inavomereza pulani yoika gawo lalikulu la deralo kukhala la mgodi wokha. Kwa zaka zambiri munthu sakanapatsidwa chilolezo chomanga nyumba yogona alendo kapena bizinesi ina. Kenako anthu omwewo ankauzidwa kuti taonani, kuno kulibe china chopezera ndalama koma mgodi. Munthu ukam'tsekera makomo onse n'kusiya limodzi, sunganene kuti wasankha yekha potulukira.

Nkhaniyi inatha bwanji?

Kumapeto kwa August 2013 boma la nduna yaikulu Victor Ponta linatumiza ku nyumba ya malamulo bilu yapadera yotsegulira njira mgodiwo, kuphatikizapo kulanda malo a okana kugulitsa. Pa 1 September anthu anatuluka m'misewu ya Bucharest, Cluj-Napoca ndi mizinda ina, ndipo Lamlungu lililonse ankabwereranso, masauzande ambirimbiri, akuimba ndi mabotolo apulasitiki oikamo timiyala. Mawu awo anali akuti Uniți salvăm Roșia Montană, kutanthauza kuti pamodzi tiipulumutsa Roșia Montană. Aromaniya okhala kunja anachitanso zionetsero ku London, Paris ndi kwina. Zinali zina mwa zionetsero zazikulu kwambiri chigwereni chikomyunizimu. Nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, inakana biluyo mu November 2013, ndipo nyumba inayo inaikana mu June 2014.

Mu 2015 Gabriel Resources inasumira Romania ku ICSID, khoti la World Bank la ku Washington loweruza milandu ya makampani ndi maboma, ikufuna chipukutamisozi cha madola 4.4 biliyoni, chomwe ndi chiwongoladzanja chikanapitirira 6 biliyoni. Mlandu uli mkati, pa 27 July 2021, UNESCO inaika Roșia Montană pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo tsiku lomwelo inaiikanso pa mndandanda wa malo omwe ali pachiopsezo. Pa 8 March 2024 khotilo linakana dandaulo la kampaniyo n'kuilamula kubweza ndalama zimene Romania inawononga pa mlanduwo, pafupifupi madola 10 miliyoni. Kampaniyo inapempha kuti chigamulocho chifafanizidwe.

Tsopano anthu akudalira chiyani?

Ambiri ndi okalamba odalira penshoni ya mu mgodi, ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndi dimba. Ena amagwira ntchito ku mgodi wa mkuwa, ena ku Abrud ndi Câmpeni, ena amalandira ndalama kuchokera kwa ana awo kunja. Patebulo pamakhala mămăligă, yomwe ndi nsima ya ufa wachikasu wa chimanga, yodyera tchizi ndi mkaka wowawasa, ndipo abusa a m'mapiri amaiphikanso ndi mafuta a mkaka n'kuitcha balmoș.

Zatsopano zilipo, koma n'zazing'ono. Bungwe la akatswiri a zomangamanga la ARA linayambitsa ntchito yoti anthu ongodzipereka azibwera m'chilimwe kudzakonza nyumba zakale ndi laimu, matabwa ndi miyala monga ankamangira makolo. Kuli kabizinesi kotchedwa Made in Roșia Montană komwe amayi a m'mudzimo amaluka masokosi, zipewa ndi majuzi a ubweya wa nkhosa n'kumagulitsa pa intaneti. Nyumba zogona alendo zayamba kutsegulidwa.

Ine ndimakondwa kuti mapiri aja aimabe ndipo chigwa cha Corna sichinamizidwe. Komabe munthu amene anataya ntchito kampani itachotsa antchito ake mazanamazana mu 2014 ali ndi chifukwa chokwiyira. Anthu a m'mizinda anapambana n'kubwerera kwawo, iye anatsala ndi msewu wokumbika ndi madzi ofiira omwe aja. Nyumba zambiri zimene kampani inagula zangokhala zotseka, madenga akugwa. Dziko lomwe linati malowa ndi chuma cha anthu onse lili ndi ngongole kwa anthu osakwana 2,500 amene akuwasunga, ndipo ngongoleyo ndi ya misewu, mipope ya madzi abwino ndi ntchito.

Munthu atapitako angaone chiyani?

Njira yapafupi ndi ya galimoto kuchokera ku Cluj-Napoca kapena ku Alba Iulia, kukhotera ku Gura Roșiei n'kukwera chigwacho makilomita ochepa. Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka September. Mungayende pansi kuchoka pabwalo lakale kukafika ku Tăul Brazi, kukwera ku thanthwe la Piatra Corbului, kukaona chidzenje cha Cetate, kapena kupita ku komuna yoyandikana nayo ya Bucium kukaona miyala yoima ngati nsanamira ya Detunata.

Koma musachoke musanalowe ku nyumba yosungira zakale imene ili pamalo a mgodi wa boma. Pabwalo pake pali zigayo zamatabwa zija ndi miyala ya pamanda ya Aroma yolembedwa mayina a anthu a ku Dalmatia. Kuchokera pamenepo mumatsika masitepe ambiri kulowa m'phiri la Orlea. Tengani juzi, chifukwa pansipo pamazizira ngakhale kunja kukutentha. Njira zina ndi zopapatiza moti mapewa amakhudza makoma, ndipo mukayendetsa chala pamwalapo mumamva timizere ta tchizulo, tina pamwamba pa tinzake. Wokutsogolerani akakupatsani moni wa anthu a mu mgodi, Noroc bun, kutanthauza mwayi wabwino, inunso muyankhe chimodzimodzi.